Kuphika Chitsa

Ndinachipeza pamchenga ku Chiromo, madzi atabwerera kwawo,
chitagona chagada pakati pa mabango ophwanyika:
muzu wa tsanya, wopindika ngati chigongono cha wopalasa bwato.
Zuze wa kabaza anandilipiritsa mtengo wa anthu awiri.
"Chikuni chimodzi chokha, akulu? Mpaka kukwera nacho njinga?"
Ndinangochikumbatira pamiyendo mpaka ku Bangula.

Kunyumba kuli bokosi la galasi
lomwe ndinamata ndekha, mausiku atatu, zala zili mabala,
ndipo m'katimo muli tiana ta makakana tisanu
tomwe ndinawola ndi sefa m'ngalande ya kumunda.
Nsayi, mwana wanga, chisefukireni madzi aja
safuna ngakhale kuwoloka chithaphwi,
koma pagalasipo amakhala mpaka dzuwa kupendeka,
kuyang'ana madzi odziwa polekezera.

"Tichiponyemo lero, baba."
Ayi. Chochokera mumtsinje chimabwera ndi nkhani zambiri,
chiyambe chaulula.

Tsiku loyamba linali la bulashi yawaya.
Makungwa ofumbwa, matope ouma m'ming'alu,
mazira a nkhono, ulusi wa ukonde wa munthu wina,
ndi chinkhanira chimodzi chomwe chinatuluka mchira uli m'mwamba
ngati mwininyumba wodzutsidwa ndi angongole.
Sopo sindinamukhudze. Thovu loyeretsa malaya
ndi manda kwa opumira m'madzi.
Ndinakanda ndi chikhadabo, ndinanunkhiza:
si nkhadze ya utomoni woyera,
sichinapakidwepo oyilo wothamangitsa chiswe.

Lachiwiri ndinadula diramu pakati, ndinasonkha moto.
Dzuwa la kuchigwa kuno likuwotcha pamwamba,
malawi akuwotcha pansi, ine pakati thukuta kamukamu.
Mai Nyakhuwa anasuzumira pampanda:
"Kwa a Tchapo lero ndiwo ndi chitsa!
Nkhuni zikuphika nkhuni inzake, tidzaona zingati?"
Madzi anabwata, anafiira,
anada ngati tiyi wa pamaliro wopanda mkaka.
Ndinakataya kuseri. Ndinatunga ena pamjigo. Anafiiranso.

Kenaka kunyika.
Koma chitsacho chinakana kumira.
Ukachikankha pansi, chimvekere vuu! mphuno kumwamba,
mwina chikukumbukabe usiku uja
pomwe kuyandama kunali moyo.
Ndinachitsendereza ndi mwala wonolera makasu.
Nsayi anatenga khala nalemba mzere pakhoma,
mawa lake wina, mkuja wina.
Masiku atatu alionse timakhuthula, timadzaza,
madzi nkumayera pang'onopang'ono:
tiyi, kenaka mtsuko wa m'dambo, kenaka mkodzo wa khanda.
Sabata yachiwiri chinamera nkhungu yoyera yoterera ngati mamina,
tinapala, inameranso, tinapalanso.

Usiku wina, magetsi atazima, udzudzu ukuimba,
anandifunsa mumdima:
"Kodi mtengowu unali pakhomo pa yani?"
Ndinati sindikudziwa.
"Nanga mbuzi yomwe ankamangirirapo?"
Ndinakhala chete, ndipo iye sanafunsenso.

Mizere itakwana makumi awiri ndi itatu
ndinachotsa mwala uja.
Chitsa chinagwedezeka pang'ono, chinatulutsa thovu limodzi,
nkukhala pansi phee.

Tinachinyamula awiri, chikudontha, cholemera ngati mwana wa ng'ombe.
Dzanja langa ndi lalikulu, likanagumula galasi.
Ndisanalankhule, Nsayi anapinda mkono wa diresi,
anamiza dzanja mpaka m'chigongono,
mpaka paphewa,
nachikhazika pamchenga, nachitembenuza kuti mphako iyang'ane kwa ife.
Madzi anali akumutsikira m'khwapa. Sanapukute.

Tinsomba tinathawira pakona, tonse tisanu, kunjenjemera.
Mai Nyakhuwa anabwera kudzapempha mchere,
anaima pakhomo, mchere anaiwala.
Patapita nthawi kamodzi kanasendera,
kanajompha khungu la tsanya, kanabwerera,
kanapitanso, kanalowa m'mphako muja.

Nsayi anati, "Kapeza nyumba."
Kenaka anapita kukhoma ndi chisanza chonyowa,
koma anangofufuta mizere inayi,
enawo akuti adzafufuta mawa.